Nambala ya Bambo Ako

Tiyamike mwana wanga,

Lero ndapempha tchuthi ku loji kuti ndikuthandize kulongedza katundu, koma iwe walawirira ku boma kukagula zotsala, ndipo chikwama wachitseka ndi loko ngati m'nyumba muno muli akuba. Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa kuti ndilowetsamo usipa, a pabwalo la ndege akakuchititse manyazi pamaso pa anthu. Usipa sindiikamo, koma kalata iyi ndiipezera polowera ndithu. Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa iwe ndi ine sitifika patali. Ndikangoyamba kulankhula umati, "Amayi, ndamva," ndisanafike ndi pakati pomwe. Pepala sungalidule mawu, ndiye ukhale pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Choyamba ndinene chimene chadzaza mumtima mwanga: ndapuma. Mawa ukukwera ndege kupita ku sukulu yako ku Ulaya, ndipo ndine wokondwa kuposa mmene nkhope yanga ikuonetsera. Ukandiona ndikulira pa depoti usanyengeke, misozi imeneyo si yokuletsa. Miyezi yapitayi ndinali ndi mantha aakulu kuti ulendo umenewu ufera m'mazira, ndipo woupha ndikhala ine mayi ako.

Ukukumbukira mmene zinayambira. Ndinapeza kachotupa m'bere ndikusamba. Ndinakhala nako chete kwa kanthawi, kenako ndinapita ku chipatala, iwo n'kunditumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anadula kachidutswa kuti akayeze ngati ndi khansa, ndipo anati zotsatira zikatuluka adzanditumizira uthenga pa foni kuti ndibwere. Nthawi yomweyo ndi imene akusukulu kwako anakuuza kuti malo wapeza, ndipo ankafuna yankho: ukubwera, kapena malowo apatse wina? Ine ndinkati uyankha tsiku lomwelo. Koma iwe unabwera kudzakhala pa mphasa pafupi nane ndi nkhope ya bambo ako ija, imene ikauma palibe angaifewetse.

"Amayi, ine sindiyankha mpaka timve zotsatira zanu. Zikakhala zoipa sindipita."

"Ukhale kuti udzachite chiyani? Ndiwe dokotala iwe?"

"Ndizidzakutungirani madzi."

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo sindikubisa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchapa zofunda za alendo ku Senga Bay mpaka zala kuyera, sindinachapire kuti ndidzapeze wonditungira madzi. Ndaona atsikana ambiri kunyanja kuno amene anabwerera kudzadwazika amayi awo, akuti kwa mwezi umodzi wokha, ndipo mpaka lero ali pompano akuyanika nsomba pa thandala. Si ntchito yonyozeka, agogo ako anatilera nayo. Koma iwe unali utagwira kale chitseko china, ndipo ndinkaona dzanja lako likuchisiya chifukwa cha bere langa. Khansa ndinkaiopa, inde, koma chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali chimenecho.

Ndiye tinayamba kudikira. M'mawa uliwonse unkatenga foni yanga, ija unandigulira chaka chatha, n'kumafufuza mauthenga, osapezamo kanthu koma a kwaya ndi a otsatsa malonda. Akusukulu anakukumbutsa, iwe n'kuwapempha kuti akupirire pang'ono. Ukati tipite tikafunse tokha, ine ndinkati ayi, anati tidikire uthenga, tisakavutitse anthu ali pa ntchito. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti akhala chete chifukwa aona zoopsa ndipo akusowa poyambira. Tinakhala choncho, aliyense akunamizira kulimba mtima pamaso pa mnzake, mpaka tsiku lija tikusankha mpunga pakhonde. Unangoika lichero pansi n'kundiyang'ana.

"Amayi, kodi ku chipatala kuja munapereka nambala iti?"

"Ya bambo ako."

"Ya ababa? Nanga yanu?"

"Mwana iwe, munthu wapabanja akafunsidwa nambala angatchule yake ngati alibe mwamuna?"

Unagwira mutu. Koma ndikuuze, kalaliki wa ku chipatala uja atandifunsa sindinaganize kawiri konse. Pakamwa panangotuluka nambala ya bambo ako, monga mmene yakhala ikutulukira ku tchalitchi, ku sukulu yako uli wamng'ono, ndi kwina kulikonse. Ndi mmene tinakulira, nkhani yaikulu imalowera kwa mwini nyumba. Komanso yangayo sindinailoweze pamtima, pakuti munthu sadziimbira yekha. Tsoka lake, bambo ako nthawi imeneyo anali ku Mbenji ku utaka, chilumba chimene mkazi saponda. Foni yawo amaikulunga mu jumbo ili yozimitsa, n'kuiyatsa pokhapokha akafuna kumva mmene nsomba zikuyendera pa msika. Tinaimba, inali yozima. Sitinadikirenso, m'mawa mwake tinakwera minibasi.

Za kumeneko ukuzidziwa, koma ndifuna ndizilembe chifukwa zimandikoma kuzibwereza. Nesi anayang'ana pa kompyuta yake n'kunena kuti, "Mayi, tinakutumizirani uthenga kalekale, mobwerezabwereza. Munali kuti?" Kenako dokotala anatiitana, nati si khansa, ndi chotupa wamba, adzachionanso dzinja likatha. Titatuluka ndinakhala pa benchi. Iwe unaima pakhonde la chipatala ukulemba yankho la kusukulu, ukulakwitsa n'kuyambiranso. Ndinayamika Mulungu chifukwa cha bere, koma ndinamuyamika koposa nditakuona ukutumiza yankho lija.

Bambo ako atabwera tinawafunsa za mauthengawo. Anayankha mosatekeseka kuti, "Mameseji amabwera ambirimbiri, a Chingerezi okhaokha. Ine ndimangofufuta, amandidzazira foni." Utawauza chimene anafufuta anatuluka kukasoka ukonde umene sunang'ambike. Usawasungire kumtima, mwana wanga. Palibe anawauza kuti chipatala chingalankhule kudzera m'thumba mwawo. Panopa safufutanso chilichonse. Uthenga uliwonse amabwera nawo kuti ndiwawerengere, ngakhale wa otsatsa nyimbo zoika pa foni, ndipo amamvetsera mpaka kumapeto ngati ulaliki.

Tsopano ndikuseke pang'ono, pakuti ndine mayi ako ndipo ufulu umenewo ndili nawo. Iwe ndi amene unayenda ku Khombedza ndi ku Lifuwu ukufunsa amayi za mauthenga a chipatala. Iwe ndi amene unalemba chibuku chonse chonena kuti akazi ambiri amapereka nambala za amuna awo, chibuku chimene chakupezetsa malo ku Ulaya. Koma amayi ako omwe unachedwa kuwafunsa, chifukwa foni unali utawagulira wekha ndipo unati nkhani yatha. Komabe unafunsa, ndipo palibe wina pakhomo pano akanafunsa funso limenelo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa chimene umaphunzira. Kale anthu akandifunsa ndinkangoti mwana wanga amachita za makompyuta. Tsopano ndimati amafufuza chifukwa chimene uthenga umachokera ku chipatala koma osafika kwa wodwala, ndipo amayi ambiri amagwedeza mutu chifukwa nawonso zinawachitikirapo. Ku Ulaya uko akakuonetsa makina othamanga ndi nzeru zambiri, uphunzire zonse, usasiyeko. Koma ukumbukire kufunsa kuti foni ikugona m'thumba mwa yani.

Ndikuuzenso ina ya kale, iwe uli ku sekondale. Kunabwera achinyamata ovala zipewa zofanana, akuyenda nyumba ndi nyumba kuchita kafukufuku. Mtsikana wina waulemu kwambiri anafika pakhomo pano thukuta lili kamukamu, ndinamupatsa mpando. Anafunsa ngati pakhomo pano pali foni, ndinati ilipo. Anafunsa ngati ndimatha kuwerenga uthenga, ndinati inde. Anafunsa ngati zingandithandize chipatala chitamanditumizira uthenga, ndinati kwambiri. Analemba zonse n'kupita akumwetulira. Foniyo inalipodi, koma inali panyanja ndi mwini wake, ndipo kuwerenga ndinkatha koma kutsegula uthenga sindinkadziwa. Sindinkafuna kumunamiza. Mwana wa eni wayenda padzuwa mpaka kufika pakhomo pako, ungamubweze ndi "ayi"? Kwathu kuno mlendo timamupatsa "inde" monga mmene timamupatsira madzi akumwa. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina njira imene ananditumizira uthenga uja anaikonza atadalira "inde" wanga yemweyo. Ndiye ukadzabwera kudzachita kafukufuku wako, usathamangire kulemba yankho loyamba. Ukhale pansi, uthandize kusankha mpunga kapena kutembenuza nsomba, ulole anthu aiwale kuti ndiwe mlendo. Yankho lenileni limabwera mochedwa, nthawi zambiri akukuperekeza pa njira.

Kumeneko iwenso ukakhala mlendo, ndiye umve iyi. Ku loji atabweretsa kompyuta yolembera alendo, ife ochapa anatipatsa tabuleti yoonetsa zipinda. Manijala anafotokoza mothamanga, theka Chichewa theka Chingerezi, kenako n'kufunsa ngati tamva. Ine monga wamkulu wa ochapa ndinayamba kugwedeza mutu, anzanga n'kutsatira. Zipinda zina zinkaoneka zofiira, zina zobiriwira, ndipo ndinadziuza ndekha kuti zofiira ndiye zofuna changu, alendo atuluka ndipo zofunda zikudikira. Chonsecho zofiira zinali zimene muli alendo. Ndinatenga kiyi, ndinalowa m'chipinda chofiira ndikuimba nyimbo ya kwaya, ndinagwira ngodya ya bulangete n'kukoka. Pansi pake panali bambo wachikulire wachizungu ali mtulo. Sindikudziwa amene anadzidzimuka kwambiri pakati pa ife awiri. Mpaka lero anzanga akandiona ndi tabuleti amandifunsa ngati ndagogoda. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya pamaso pa anthu. Aphunzitsi ako akamalankhula mothamanga, usagwedeze mutu pofuna kuoneka wanzeru. Kweza dzanja unene kuti sunamve. Anakusankha akudziwa kumene ukuchokera, ndipo manyazi a funso amatha tsiku lomwelo.

Palinso iyi, ndipo uyisunge bwino chifukwa ikukhudza ntchito yako. Za kachotupa kaja, kupatula iwe ndi bambo ako, ndinauza munthu mmodzi yekha, mnzanga wa ku kwaya, ndipo ndinamupempha kuti asauze wina. Iye sanauze munthu mmodzi, anangolemba pa gulu la pa foni la amayi a ku tchalitchi kuti andipempherere. Lamulungu lotsatira anthu ankandipatsa moni ndi nkhope za pamaliro. Wina anabwera ndi phala pakhomo pano ine nditangoweruka ku ntchito wamphamvu zanga. Wina anandikokera pambali n'kufunsa mwaulemu ngati malo anga ku loji ali ndi mwini kale. Mnzangayo sanali ndi mtima woipa, amandikonda ndipo mpaka pano timaimba limodzi. Koma kwa masabata angapo ndinkayenda m'mudzi muno ngati ndavulidwa. Iwe m'kompyuta mwako mudzakhala matenda a anthu, mimba zawo, mankhwala amene amamwa mobisa, malonda awo amene akugwa. Kwa iwe zidzaoneka ngati mizere chabe, koma aliyense wa iwo ali ndi tchalitchi chake ndi anansi ake. Usadzatulutse dzina la munthu, ngakhale kwa mnzako wapamtima, ngakhale pofuna kumuthandiza. Ukumbukire kuti mtima wabwino pawokha sunanditeteze ine.

Zina n'zazing'ono koma undilole. Akuti kumeneko kuzizira kwake si kwa Juni wathu uyu, ndiye jekete ija uzivala ngakhale ukuti imakukalambitsa. Uzidya chakudya chenicheni, osati buledi ndi tiyi pamaso pa kompyuta monga unkachitira polemba chibuku chija, mpaka makutu kuoneka aakulu. Upeze tchalitchi, ngakhale aziimba nyimbo zopanda ng'oma. Upezenso munthu mmodzi woseka naye, chifukwa mabuku sayankha moni. Ukakumana ndi onyoza, ndipo udzakumana nawo, usawasenze tsiku lonse. Ine ndachapira alendo amitundu yonse, ena othokoza ena osakuona n'komwe, ndipo ndinaphunzira kuti mwano wa munthu ndi katundu wake, si wanga. Mwamuna akadzapezeka usamubise, tidzafuna kumuona ndi kudziwa kwawo, koma ayambe wadikira kuti umalize. Ndipo ukadzakwatiwa, kulikonse kumene adzakufunse nambala, udzapereke yako.

Bambo ako uziwaimbira, usamawalembere. Mawa akuperekeza, ndipo ndikudziwa kuti njira yonse adzangokamba za mphepo ndi za matayala a minibasi. Usaganize kuti alibe mawu ena. Kugombe auza aliyense kuti mwana wawo akupita ku Ulaya kukaphunzira kukonza mafoni, ndipo ena ayamba kale kusunga mafoni awo akufa kudikira kubwera kwako. Ndayesa kuwawongolera, koma amanena monyadira kwambiri moti ndangowasiya. Dzulo ndinawapeza ataima m'chipinda mwako akuyang'ana chikwama chako. Atandiona anati akufuna tochi.

Tsopano nkhani yomaliza, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera m'malo mokuuza, pakuti tikanakangana mpaka ndege kukusiya. Tsiku la zotsatira lija, ine ndili pa benchi, ndinakuona ukubwerera pa windo la kalaliki. Unkaganiza kuti maso anga ali pansi. Unachotsetsa nambala ya bambo ako n'kulembetsa yako, ija wati upita nayo, kuti chilichonse chochokera ku chipatala chizifika kwa iwe poyamba. Sindinanene kanthu tsiku limenelo chifukwa linali tsiku lachimwemwe. Koma sabata yatha, nditakuuza kuti ndikupita ku boma kukaona nsalu, ndinapitirira mpaka mumzinda. Ndinaima pa mzere ndipo ndinafika pa windo lomwe lija.

"Ndabwera kudzasintha nambala, achimwene."

"Imene ilipoyi yalakwika, mayi?"

"Sinalakwike, koma mwini wake ali ndi ntchito ina."

"Ndiye tilembe ya ndani?"

"Yanga."

Ndinaitchula pamtima osakodwa paliponse, chifukwa ndinakhala ndikuiloweza pochapa. Iye anaimba pomwepo kuti atsimikize, foni n'kulira m'chikwama mwanga. Ndinatuluka pachipatala paja ndikumva kupepuka kumene sindinakumvepo.

Ndikudziwa kuti wakwiya powerenga izi. Koma ndimakudziwa, Tiyamike, ndinakubereka ndine. Dzinja likatha adzandiitana kuti akandionenso. Uthenga umenewo ukanafika kwa iwe uli pakati pa mayeso, sukanagona, sukanawerenga, ukanayamba kufunsa za ndege yobwerera usanamve n'komwe kuti akufuna chiyani. Tinatsala pang'ono kutaya ulendowu kamodzi, sindilola kuti tiutaye kachiwiri. Thupi ili ndi langa, nkhani zake zizifika kwa ine poyamba. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti chilichonse adzandiuze, chabwino kapena choipa, udzachimva pakamwa panga tsiku lomwelo, osachepetsa ndi osakometsera. Iwenso undilonjeze kuti sudzabwerera maphunziro asanathe. Ndikadwala bambo ako alipo, mayi ako aang'ono ali pafupi pompa ku Lifuwu, anthu ondisamala sindisowa. Koma woti akakhale pa mpando umene wapatsidwa uko m'banja muno ndiwe wekha.

Ukwiye m'ndege momwemo, ukatsike mkwiyo utatha. Yenda bwino mwana wanga, Ambuye akutsogolere popita, akusunge kumeneko, ndipo adzakubweretse ntchito itatha. Kuyambira mawa, foni yako ikalira n'kuona dzina langa, mtima usadumphe. Nthawi zambiri ndidzakhala ndikungofuna kudziwa ngati wadya. Ikakupeza uli m'kalasi usatuluke, isiye ilire. Ndidzaimbanso.

Ndine mayi ako,
Naphiri